Kudzijambula nokha pofuna kudzidziwa: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera kawirikawiri kwa anthu amene ayamba kudziimika patsogolo pa kamera yawo. Ena akukhudza zida ndi kuwala, ena akukhudza munthu amene akujambulidwayo. Awiriwa salekana. Anthu ambiri amasiya ntchitoyi poganiza kuti nkhope yawo siyoyenera kamera, pamene vuto linali mtunda wa foni kapena mbali yomwe kuwala kunkachokera.

Kodi chithunzi chodzijambula chimasiyana bwanji ndi selfie?

Selfie imajambulidwa foni ili m'manja, maso ali pa sikirini, ndipo munthu amakonza nkhope mpaka ifanane ndi yomwe akufuna kuti anzake aone. Pa chithunzi chodzijambula chomwe tikunena pano, kamera imachoka m'manja. Mumaiimika patali, n'kusankha malo, chovala, kuwala ndi kaimidwe, ndipo nthawi zambiri simudziona pa mphindi yomwe chithunzi chikutoleredwa. Kusadzionako ndiko kumatulutsa zinthu zomwe simunazidziwe za inu nokha: phewa lomwe limapendekeka, manja omwe amafumbata osawauza, kaimidwe kofanana ndi ka bambo anu.

Si chinthu cha dzulo. Mu 1839, ku Philadelphia, Robert Cornelius anadzijambula chithunzi chomwe chili m'gulu la zithunzi zoyambirira za nkhope ya munthu. Chaka chotsatira, ku France, Hippolyte Bayard anadzijambula ngati munthu womira m'madzi, podandaula kuti boma lalemekeza Louis Daguerre ngati wotulukira njira yojambulira zithunzi n'kumuiwala iyeyo. Kuyambira pachiyambi penipeni, anthu anadzijambula kuti anene kanthu.

Ndiyambire pati ngati sindikudziwa chomwe ndikufuna kunena?

Musayambe ndi kamera. Tengani pepala, mulembe ziganizo zitatu: chimodzi cha momwe anthu amakutchulirani, china cha chomwe anthu sachidziwa za inu, chachitatu cha chinthu chomwe mwasiya kapena chomwe chikukusiyani. Zikhale za zinthu zogwirika. Chiganizo chakuti "ndine wolimba mtima" sichijambulika. Chakuti "ndimasoka usiku pa makina omwe anasiya amayi" chili kale ndi malo, nthawi, kuwala kwa nyale imodzi ndiponso chogwira m'manja.

Mukatero sankhani chiganizo chimodzi chokha, mugwire nacho ntchito sabata yonse. Oyamba kumene amakonda kuunjika zonse m'chithunzi chimodzi: Baibulo, satifiketi, chitenje cha agogo, mpira, zonse pamphasa imodzi. Woona sadziwa poyang'ana, ndipo munthu mwiniwake amasowa pakati pa katunduyo.

Kodi foni ikukwanira?

Ikukwanira, bola mugwiritse ntchito kamera ya kumbuyo. Ya kutsogolo imakhala yaing'ono pa mafoni ambiri, imavutika kukada, ndipo ndi yomwe kawirikawiri imasalalitsa khungu musanaipemphe. Zina zofunika ndi zochepa: choimikirapo, njira yodinira muli patali, ndi kansalu kofewa kopukutira lenzi. Chithunzi chooneka ngati munali chifunga nthawi zambiri chimakhala cha mafuta a zala pa lenzi.

Ngati mulibe choimikira cha miyendo itatu, ikani mpando patebulo, musanje mabuku, mutsamiritse foni pa kapu yolemera kapena pa thumba la mpunga, lomwe limalola kuipendeketsa pang'onopang'ono. Lenzi ikhale molingana ndi maso pa chithunzi cha nkhope, ndipo molingana ndi chifuwa kapena mchombo pa chithunzi cha thupi lonse. Ikakhala pansi kwambiri, chibwano ndi mphuno zimakula, munthu amaoneka wolamula. Ikakhala pamwamba, mutu umakula, miyendo imafupika, munthu amaoneka wochepa. Zonsezi mukhoza kuzifuna dala, koma zisakuchitikireni mwangozi.

Ndidina bwanji ndili patali?

Njira yosavuta ndi timer, yomwe imadikira masekondi angapo kamera isanajambule. Mafoni ambiri amapereka masekondi 3 kapena 10, ena 2, 5 ndi 10. Sankhani 10, atatu amangokwanira kuthamanga, ndipo nkhope ya munthu wothamanga ndi yomwe imatuluka. Kodinira kakang'ono ka Bluetooth kamagwira pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 ndipo kamabisika m'dzanja. Pa mafoni ambiri, batani lokwezera mawu la pa mahedifoni a waya limadinanso. Mafoni a Samsung amajambula mukaonetsa chikhatho ku kamera ya kutsogolo kapena mukalankhula, mukayatsa zimenezi.

Amene ali ndi kamera yeniyeni angailumikize ku foni: Canon ili ndi Camera Connect, Nikon ili ndi SnapBridge. Mumadziona pa foni, n'kudina, n'kuibisa kumbuyo timer isanathe. Makamera ena amatha kujambula okha zithunzi zingapo motsatizana, chimodzi pa masekondi angapo alionse. Njira imeneyi ndi yomwe timailimbikitsa kwambiri, chifukwa pofika chithunzi cha 6 kapena 7 munthu amakhala ataiwala kukonza nkhope.

Zithunzi zanga zimatuluka chimbuuzi, khoma lokha ndilo likuoneka bwino. Chalakwika n'chiyani?

Kamera inaloza maso ake pa khoma chifukwa pa nthawi yodina inu munali musanafike pamalopo. Makamera ambiri amayeza mtunda pomwe mwadina batani, osati pomwe timer yathera.

Chitani izi. Ikani chinthu pomwe mudzaime: mpando wokhala ndi pilo, kapena tsache loimika, kutalika kwake kufike pomwe padzakhale maso anu. Pa foni, dinani pa chinthucho osachotsa chala mpaka foni ionetse kuti yatseka focus, kutanthauza malo omwe yaloza maso ake, pamenepo. Pa kamera, lozani pa chinthucho kenako musinthe lenzi kuchoka pa AF (kuloza yokha) kupita pa MF (kuloza ndi dzanja) kuti isasunthenso. Lembani ndi choko kapena matani tepi pansi pomwe pali zala za kumapazi. Chotsani chinthucho, muime pa chizindikirocho.

Ngati zikulephereka ndithu, kabowo ka lenzi katseguka kwambiri; nambala ya f ikachepa, kabowoko kamakula. Lenzi ya 50mm pa f/1.8, pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), inu muli pa mamita awiri, imaonetsa bwino malo a masentimita pafupifupi 17 okha kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kungoweramira pang'ono, maso atulukamo. Pa f/5.6 malowo amafika theka la mita. Podzijambula nokha, yambirani pa f/4 kapena f/5.6.

Pali chimbuuzi china chobwera ndi kusuntha. Munthu woima phee amafunika shutter, nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala, ya 1/125 ya sekondi. Wovina kapena wokupiza nsalu, 1/500. Kukada, kwezani ISO, mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala, mpaka 800 kapena 1600, ngakhale imabweretsa timadontho. Chithunzi cha timadontho chimapiririka, chogwedezeka sichikonzeka. Mukaona mizere yakuda yopingasa pojambula pansi pa magetsi a LED kapena a chubu, ndi kuphethira kwa magetsi a 50Hz. Ikani shutter pa 1/50 kapena 1/100.

N'chifukwa chiyani nkhope yanga pa chithunzi siifanana ndi yomwe ndimaona pagalasi?

Zifukwa zilipo ziwiri, ndipo palibe chomwe chikunena kuti ndinu wosaoneka bwino.

Choyamba ndi mtunda. Kamera ikakhala pafupi, mphuno imakhala pafupi kwambiri ndi lenzi kuposa makutu, ndiye imakula, makutu n'kubisala. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa ku America mu 2018 anapeza kuti pa mtunda wa masentimita 30 mphuno imaoneka yokula ndi pafupifupi 30 peresenti, pamene pa mita imodzi ndi theka kusiyanako kumatsala pang'ono kutheratu. Choncho taliritsani kamera mamita 1.5 mpaka 2, ndipo ngati foni ili ndi lenzi ya 2x kapena 3x, gwiritsani ntchito imeneyo pa nkhope.

Chachiwiri ndi chizolowezi. Galasi limatembenuza nkhope, kumanja kukhala kumanzere, ndipo nkhope yotembenuzidwayo ndi yomwe mwaiona moyo wanu wonse. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende: nsidze imodzi imakwera, mlomo umapendekera mbali ina. Ofufuza anaonetsa kale mu 1977 kuti anthu amakonda chithunzi chawo chotembenuzidwa, pamene anzawo apamtima amakonda chosatembenuzidwa. Nkhope yomwe ikukudabwitsaniyo ndi yomwe amayi anu amaidziwa. Ichi chokha chingakhale mutu wa ntchito: zithunzi ziwiri pambali, china chotembenuza china chosatembenuza.

Kuwala kwabwino ndikupeza kuti popanda magetsi a situdiyo?

Pawindo. Sankhani windo lomwe dzuwa silikulowa mwachindunji, muime pa mita imodzi kuchokera pamenepo, windo likhale chakutsogolo chakumbali, osati kumbuyo kwanu. Zimitsani mababu a m'chipinda: kuwala kwa masana kumapita kobiriwira ngati thambo, kwa babu kumapita kofiirira, ndipo zikasakanikirana khungu limatuluka mitundu iwiri yomwe siikonzeka bwino pambuyo pake. Dzuwa likamalowa, pachikani nsalu yoyera yopyapyala pawindopo.

Mbali ya mthunzi ikada mopitirira, imikani katoni yoyera pa masentimita 50 kuchokera ku tsaya, kapena katoni yokutidwa ndi foyilo yomwe mwayamba mwaikwinya. Foyilo yosalala imaponya kuwala kothobwa m'maso. Mukafuna kuti mthunzi uzame, ikani nsalu yakuda pamalo omwewo. Talikiranani ndi khoma mamita 1.5 kapena kuposa kuti mthunzi wanu usakakamire kumsana kwanu.

Panja, pewani dzuwa la paliwombo. Limakumba maenje akuda m'maso. Khonde ndi malo abwino kwambiri masana: imani m'mphepete mwa mthunzi, nkhope iyang'ane kunja. Pansi pa mtengo wa masamba ambiri khungu limatenga ubiriwiri ndi timawanga ta dzuwa. Kuwala kofewa kwa m'mawa ndi madzulo sikukhalitsa m'maiko a kufupi ndi equator, ndiye konzekeranitu zonse dzuwa lisanapendeke.

Khungu langa ndi lakuda. Ndimatuluka wamdima kapena wotuwa. Nditani?

Funso ili ndi lofunika kulikhalira pansi. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufuna pakatikati. Mukaima patsogolo pa khoma loyera kapena thambo lowala, imaganiza kuti kwawala mopitirira, n'kuchepetsa, nkhope yanu n'kumira. Mukavala zakuda patsogolo pa nsalu yakuda, imachita zosiyana: imawalitsa mpaka khungu kutuwa ngati phulusa. Musailole kusankha. Pa foni, dinani pomwe padzakhale nkhope, kenako mukweze kapena kutsitsa kachizindikiro ka dzuwa. Pa kamera, pa khoma loyera onjezerani kuwala ndi batani la +/- pa +2/3 mpaka +1, pa nsalu yakuda chotsani pafupifupi chimodzimodzi.

Mbiri nayo ilipo. Kwa zaka zambiri, ochapa zithunzi ankalinganiza mitundu potsatira makadi a Kodak otchedwa Shirley, omwe anali ndi nkhope ya mzimayi wachizungu. Zida zinakula zikuyezera khungu loyera, ndipo mafoni ena mpaka lero amayeretsa khungu mwakachetechete. Lowani m'makonzedwe a kamera, muzimitse chilichonse cha beauty kapena face retouch, muonetsetse kuti chili pa 0.

Khungu lakuda limaumbika ndi kunyezimira kwake. Kuwala kochokera pamalo aakulu, monga windo lalikulu kapena chitseko chotsegula, kumayala kunyezimira kofewa pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, nkhope n'kuoneka yathunthu. Kuwala kochokera pa kanthu kakang'ono, monga flash ya foni, kumasiya kadontho koyera pamphumi, kwina konse mdima. Mafuta odzola ochepa amathandiza. Ochuluka amabweretsa mawanga oyera omwe mkati mwake mulibenso kanthu kokonza. Dindani pamphumi ndi pamphuno ndi tishu musanayambe.

Ndipo kuda si vuto loti likonzedwe. Zanele Muholi, wobadwira ku Umlazi ku Durban mu 1972, pa zithunzi zodzijambula zotchedwa Somnyama Ngonyama zomwe anaziyamba mu 2012, amadetsa khungu lake dala pokonza chithunzi. Amavala kumutu ndi m'khosi zinthu za m'nyumba monga mapegi oyanikira zovala ndi zokwechera mapoto, pokumbukira mayi ake omwe anagwira ntchito ya m'nyumba za anthu kwa zaka zambiri. Maso amakhala akuyang'ana woonayo osaphethira.

Kodi nkhope iyenera kuoneka?

Ayi. Manja, msana, mapazi pa dothi la pakhomo, mthunzi pakhoma, chipsera, malo omwe mwangodzukapo pamphasa, zonsezi ndi inu. Vivian Maier, yemwe ankalera ana a anthu ku Chicago ndipo zithunzi zake zinadziwika atatsala pang'ono kumwalira mu 2009 ndi pambuyo pake, ankadzijambula m'magalasi a masitolo ndi pa mthunzi wake m'misewu. Pojambula pagalasi, lozani focus pa nkhope yomwe ili m'galasimo, osati pa felemu, chifukwa kwa kamera nkhopeyo ili patali kawiri. Zimitsani flash, ndipo pukutani galasi pokhapokha ngati fumbilo mukulifuna.

Ndikavala ngati munthu wina, kodi chidakali chithunzi changa?

Chidakali chanu, ndipo nthawi zina chimanena zoona kuposa chomwe mwavala za tsiku ndi tsiku. Samuel Fosso anabadwira ku Cameroon mu 1962, anakulira ku Nigeria mpaka nkhondo ya Biafra inamuthamangitsa, ndipo mu 1975, ali ndi zaka 13, anatsegula situdiyo ku Bangui, ku Central African Republic. Makasitomala akapita, ankamalizira filimu yotsala podzijambula yekha atavala mathalauza otambasuka kumiyendo, nsapato zazitali ndi magalasi akuda. Zina ankatumizira agogo ake ku Nigeria. Mu 2008, pa zithunzi zotchedwa African Spirits, anadzisandutsa Patrice Lumumba, Angela Davis, Nelson Mandela, Martin Luther King ndi ena. Omar Victor Diop wa ku Dakar, mu 2014, anadzijambula ngati anthu akuda otchuka a m'zojambula zakale za ku Ulaya, koma atanyamula mpira, magolovesi a goloboyi kapena khadi lofiira. Munthu amene mwasankha kumuvala amaulula amene mumamusirira, amene mumamuopa, kapena amene mumamva kuti munachokera kwa iye.

Mukafuna kuyesa, yambirani pa chithunzi chakale cha m'banja. Yang'anani kutalika kwa kamera, mbali ya kuwala poona komwe mthunzi wa mphuno wagwera, ndi kaikidwe ka manja. Manja ndi omwe anthu amaphonya. Chovala chikhoza kungofananirako, koma manja akalakwika munthuyo sabwera.

Zovala zina zili ndi eni ake. Zigoba ndi zovala za Gule Wamkulu si zoseweretsa pa chithunzi. Zili ndi mwambo wake ndi anthu oyenera kuzigwira. Yunifolomu ya apolisi kapena asilikali ikhoza kukugwetsani m'mlandu. Nsalu ya chipani kapena ya mpingo imalankhula mokweza kuposa nkhope, ndiye ivaleni pokhapokha ngati nkhani yake ndi imeneyo.

Ndimauma thupi kamera ikangoyamba kuwerenga. Pali mankhwala?

Patsani manja ntchito yeniyeni: kumanga duku, kusenda mbatata, kumanga zingwe za nsapato. Chitani mpaka kumapeto, kamera izijambula yokha. Pumirani kunja pang'onopang'ono pa masekondi atatu omaliza, mapewa amatsika okha. Tsinzinani, mutsegule maso timer ikatsala sekondi imodzi. Musathamangire kukaona chithunzi chilichonse. Jambulani 20 kenako mukaone, chifukwa kuona pafupipafupi kumakubwezerani ku nkhope ya selfie. Tsekani chitseko. Zithunzi za mphindi 15 zoyambirira kawirikawiri zimakhala zotaya, ndipo sizachilendo kujambula 100 n'kusungapo ziwiri.

Ndisankha bwanji chithunzi, ndipo ndikonze mpaka pati?

Musasankhe tsiku lomwelo, komanso musafufute. Pa tsiku loyamba maso amangofuna pomwe mwaoneka bwino. Pakapita masiku atatu kapena sabata, bwererani ndi chiganizo chomwe munalemba chija, mufunse chithunzi chilichonse ngati chikunena zimenezo. Nthawi zambiri chopambana chimakhala chomwe munatsala pang'ono kuchitaya.

Pokonza, Snapseed kapena Lightroom ya pa foni zikukwanira. Yambani ndi kuwala, kenako mtundu wa khungu poyerekeza ndi dzanja lanu pawindo, kenako kudula m'mbali. Gwirani ntchito pa kope, choyambirira chikhale osachikhudza. Chiphuphu chomwe chidzatha mawa mungachichotse. Chipsera, mphini, mpata wa mano ndi makwinya ndi mbali ya nkhani yomwe mwabwera kudzanena. Ngati foni kapena kamera ikulola RAW, mtundu wa fayilo yomwe kamera sinaikonze, igwiritseni ntchito pa zithunzi zofunika, chifukwa imasunga zambiri za m'mithunzi, komwe khungu lakuda limakhala. Dziwani kuti fayilo imodzi imadya malo kangapo kuposa JPEG.

Chithunzi chimodzi chikukwanira, kapena ndipange zambiri?

Munthu sakwana m'chithunzi chimodzi. Zithunzi 8 mpaka 12 zomangidwa ndi lamulo limodzi zimanena zambiri. Lamulolo likhale losavuta: mpando womwewo, khoma lomwelo, ola lomwelo, chosintha chikhale chimodzi. Noah Kalina wa ku America wakhala akudzijambula tsiku lililonse kuyambira mu Januwale 2000, nkhope pakati, osamwetulira, ndipo chomwe chimaoneka ndi zaka zikudutsa. Inu simukusowa tsiku lililonse. Kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu ndi poyambira pabwino. Lembani m'kabuku mtunda wa kamera, kutalika kwake, ola ndi manambala omwe munaika, apo ayi sabata yamawa zithunzi sizidzagwirizana.

Nanga zoika pa intaneti, kusunga ndi kuchapitsa?

Si chithunzi chilichonse chofunika omvera. Zomwe munajambula muli pachisoni, mukudwala kapena mutavula, zisungeni miyezi ingapo musanaganize zozionetsa, pakuti chomwe chalowa pa intaneti sichibwezeka. Zithunzi zosavala za munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu waukulu, ngakhale atadzijambula yekha. Zimitsani location mu kamera, chifukwa fayilo imatha kusunga malo enieni omwe munajambulira. Yang'anani kumbuyo kwa chithunzi: nambala ya galimoto, baji ya sukulu ya mwana, kalata ya patebulo. Wina aliyense amene akuoneka, ngakhale pa chithunzi chopachika pakhoma, mufunseni kaye ngati ali moyo, kapena abale ake ngati anatisiya.

Sungani makope pa malo awiri osiyana ndi foni, monga pa kompyuta ndi pa memory card kapena Google Photos. WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi. Potumiza kwa wochapa, tumizani ngati document kapena mupite nacho pa flash disk. Chithunzi cha 12 megapixel, cha 4032 ndi 3024, chimachapika bwino mpaka masentimita 34 ndi 25 ngati simunachidule kwambiri. Pepala limadetsa kuposa sikirini, ndiye walitsani pang'ono kope lochapitsa, muyambe mwayesa kakang'ono ka masentimita 10 ndi 15, ndipo muuze wochapayo azimitse zokonza zokha za makina ake, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimatuwitsa khungu. Pepala losanyezimira limasunga bwino mithunzi yakuda mukaika chithunzi kuseri kwa galasi la felemu.